Musanaitane wogula, sonkhanitsani mapepala: kugulitsa nyumba m'mbali mwa Bua

Msewu wa M5 ukachoka pa boma la Nkhotakota kulowera ku Dwangwa umadutsa m'minda ya chinangwa ndi m'madambo a mpunga mpaka pa mlatho wa Bua, pomwe mtsinje wochokera m'nkhalango umayamba kufatsa usanakathire m'nyanja. Amene ayenda mumsewuwu kwa zaka zambiri akudziwa mmene m'mbali mwake mwasinthira. Pomwe padali thengo ndi mitengo ya mango pano pali nyumba za njerwa zootcha, zina zofolera malata amitundumitundu, zina zidaima pa lintala kudikira ndalama za ku Joni. Pa makoma ena pali mawu olembedwa ndi penti, zilembo zikuluzikulu zopendama: nyumba ino sikugulitsidwa. Munthu salemba zotere pa khoma lake popanda chifukwa. Amakhala atamva kuti wina, mwinanso m'bale wake weniweni, wayamba kale kuonetsa alendo malowo.

Kale malo kuno ankapemphedwa. Unkapita kwa nyakwawa ndi wokuperekeza, n'kukulozera kuti kuyambira pa chulu icho mpaka pa mkuyu uwo ndi pako. Lero malo amagulidwa, ndipo ogula ndi ambiri. Pali ogwira ntchito ku kampani ya shuga ya Illovo ku Dwangwa omwe akuyandikira kupuma ndipo sakufuna kubwerera kwawo chimanjamanja. Pali aphunzitsi, anamwino, eni mabwato a injini omwe usipa wawayanja, ndi anthu a ku Lilongwe osaka kagombe koti adzamangepo nyumba yogona alendo. Chiyambire 2015, pomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota, kenako n'kubweretsamo njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, dzina la Bua lamveka kutali, ndipo maso a anthu andalama atembenukira kuno.

Chimene sichidasinthe ndi kagulitsidwe. Mwininyumba akapanikizika ndi fizi kapena matenda amauza mnzake mmodzi kuti akufuna kugulitsa. Sabata isanathe dobadoba wafika pa njinga yamoto ndi munthu wachilendo. Azungulira nyumba, agogoda khoma, asuzumira kudenga, akhala pansi pa mtengo. Wina ang'amba pepala pakati pa kope la mwana wasukulu n'kulembapo kuti ine uje ndagulitsa nyumba yanga kwa uje pa mtengo wakuti. Mboni ziwiri zisayina, amfumu adinda chidindo cha inki yofiirira, ndalama ziwerengedwa ponyowetsa chala ndi malovu. Aliyense abalalika akumwetulira. Milandu yambiri ya malo imene ikudya nthawi ya mabwalo a mafumu ndi makhoti imabadwira pansi pa mtengo woterewu, pa tsiku limene aliyense ankaona ngati zayenda bwino.

Ku America, wogulitsa nyumba za anthu asanapite kukakumana ndi mwininyumba koyamba amatsogoza envelopu. Mumakhala mbiri yake, chiphaso chake cha ntchito, mitengo imene nyumba zofanana nayo zagulitsidwira m'deralo, ndalama zimene iye adzatengepo, ndi mndandanda wa zimene mwininyumbayo akonzeretu. Cholinga n'chakuti pa tsiku lokumana, mwininyumba akhale atawerenga, ataganiza, atafunsa mkazi wake kapena mwamuna wake. Ine ndikuona kuti mwambo umenewu ukufunika kwambiri pa Bua kuposa kumene udachokerako, chifukwa kumeneko pafupifupi nyumba iliyonse ili kale m'kaundula, pamene kuno umboni wa nyumba zambiri uli m'mitu ya anthu okalamba. Envelopu yakunoko iyenera kukhala ya mbali ziwiri: zimene ejenti abweretse kwa mwininyumba, ndi zimene mwininyumba asonkhanitse ejentiyo asanaponde pakhomo.

Malowo ndi amtundu wanji?

Funso loyamba ndi limeneli, ndipo ambiri ogulitsa sangaliyankhe. Amati nyumba ndi yanga, ndidamanga ndekha. Zoona, njerwa ndi malata ndi zanu. Nanga dothi limene nyumbayo yakhalapo?

Kuno munthu amakumana ndi malo amitundu itatu. Ambiri ndi malo a makolo osalembetsedwa, omwe umboni wake ndi mfumu, abale ndi oyandikana nawo. Ena ndi malo a makolo omwe adalembetsedwa potsatira lamulo la Customary Land Act la 2016, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo mwiniwake ali ndi satifiketi. Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma omwe kalembera ameneyu adayamba kuyesedwako. Ena ndi malo a lizi yochokera ku Unduna wa za Malo, yomwe pa nyumba zokhalamo nthawi zambiri imakhala ya zaka 99. Mtundu uliwonse uli ndi khomo lake logogoda, ndipo wogogoda khomo lolakwika amataya ndalama za thiransipoti pachabe.

Pa malo a makolo, lamulo la 2016 lidakhazikitsa komiti ya za malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupuyo, ndipo pali anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo osachepera 3 akhale amayi. Mlembi wake ndi wogwira ntchito ya za malo wochokera ku khonsolo. Tanthauzo lake n'lakuti chidindo cha nyakwawa mmodzi, chodindidwa madzulo popanda wina kudziwa, chilibenso mphamvu imene anthu amachiganizira. Lamulo lomwelo lidaletsa kusamutsira malo olembetsedwa kwa munthu wakunja kwa banja m'zaka 5 zoyambirira. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idakonzanso malamulo a za malo, n'kuletsa kugulitsa malo a lizi omwe sipadamangidwe kanthu, n'kukhwimitsanso nkhani yogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika za dziko lino. Choncho wokhala ndi kagombe yemwe akulota za mzungu wobwera ndi madola ayambe wapita ku ofesi ya za malo pa boma, akafunse chimene lamulo likumulola lero pa malo akewo, ndipo dzina la amene wamuyankha ndi tsiku lake azilembe.

Wa lizi ntchito yake ndi ya mapepala enieni. Atulutse chikalata cha lizi, mapu a malowo ovomerezedwa ndi ofesi ya Surveyor General, ndi malisiti a lendi ya malo imene amayenera kulipira ku boma chaka ndi chaka. Lendi imeneyi ambiri adasiya kalekale kulipira, ndipo ngongoleyo imadzavumbuluka pa nthawi yopempha chilolezo cha boma chosinthira dzina, wogula atapereka kale theka la ndalama, mwininyumba atadya kale. Ngati chikalatacho chidaperekedwa ku banki ngati chikole, zinenedwe poyera pa tsiku loyamba, chifukwa loya wa wogula akakafufuza m'kaundula ku Lilongwe adzazipeza ndithu. Ndipo mwininyumba atenge khasu akafukule mabikoni. Timiyala tasimenti timeneti timakwiririka ndi mchenga, tina ana adazula, tina mnansi adatisuntha pang'onopang'ono polima. Ndi bwino kukangana ndi mnansi wogula asanabwere kusiyana ndi kukangana naye wogula ataimirira pomwepo.

Pali malo ena omwe munthu angawalime zaka zambiri koma osakhala ake oti n'kugulitsa. Munda wa musikimu ya mpunga ya Bua uli pansi pa malamulo a bungwe la alimi a m'sikimumo. Malo a m'malire a nkhalango, kufupi ndi waya wamagetsi wotchinga njovu, ali ndi malire a boma. Ndiponso mamita 30 kuchokera pakati pa msewu waukulu ngati M5, mbali zonse ziwiri, ndi malo a msewu. Golosale kapena mpanda umene walowa m'menemo ukhoza kulembedwa chizindikiro chofiira tsiku lililonse, makamaka pamene msewuwu ukukonzedwa, ndipo wogula ali ndi ufulu wodziwa zimenezi asanatulutse ndalama.

Mbumba ikudziwa?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa Achewa a kuno malo amayenda ndi mbumba. Mwamuna amene adabwera chikamwini akhoza kumanga nyumba yokongola ndi thukuta lake, koma pansi pake ndi pa akuchikazi, ndipo atsibweni a anawo ali ndi mawu. Mkazi amene adatengedwa chitengwa naye akhoza kupezeka kuti nyumba imene adasenzera madzi omangira ikugulitsidwa iye ali kumunda. Kumpoto kwa boma lino, komwe kuli Atonga, komanso m'mabanja a Chisilamu a m'mphepete mwa nyanja, miyambo ya cholowa ili ndi kayendedwe kakenso. Ejenti wochokera ku tauni amene sadziwa zimenezi amangoona bambo wanyumba ali ndi makiyi m'manja n'kuganiza kuti wapeza mwini.

N'chifukwa chake pepala lofunika kwambiri m'envelopu ya wogulitsa wa pa Bua ndi limene palibe ofesi imene imalisindikiza: kalata ya banja. Banja likhale pansi, mwinimbumba alipo, mkazi kapena mwamuna wa wogulitsayo alipo, ana akuluakulu alipo. Amene ali ku Joni kapena ku Mzuzu aimbiridwe foni pamaso pa onse, atumize mawu ake pa WhatsApp, ndipo mawuwo asungidwe. Zimene agwirizana zilembedwe m'Chichewa chomveka, aliyense asayine kapena adinde chala, pambali pa dzina lake palembedwe nambala ya chiphaso chake cha unzika. Msonkhano umenewu ndi wowawa. Pamatuluka nkhani zakale, za ng'ombe imene idagulitsidwa mwachinsinsi, za amene adasamalira mayi akudwala ndi amene sadabwere ngakhale kumaliro. Ena amauzemba pa chifukwa chimenechi. Koma mawu amene sadayankhulidwe pa mphasa adzayankhulidwa pa bwalo la milandu ya malo, kaya kwa Mphonde, kwa Kanyenda kapena kwa Malengachanzi, ndipo pa nthawiyo ndalama zidzakhala zitatha.

Ngati mwini weniweni adamwalira, nkhani imakula. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana awo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Mchimwene wa malemu alibe mphamvu yogulitsa nyumba chifukwa chongoti ndiye wamkulu pamtundu. Pamafunika wilo ngati idalipo, kapena kalata ya kukhoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo ofesi ya DC ndi ya Administrator General zilipo kuti zithandize pa zimenezi. Zimandiwawa mtima ndikaganiza za amayi amasiye omwe amamva za kugulitsidwa kwa nyumba yawo kuchokera kwa wogula, atabwera ndi amisiri kudzayeza mawindo. Ejenti amene walandira nyumba ya masiye osafunsa kalata imeneyi wathandiza nawo kuba, ngakhale atanena kuti sankadziwa.

Madzi adafika pati?

Chaka cha 2024 chidaphunzitsa anthu a m'mphepete mwa nyanja zimene agogo awo ankadziwa. Kumapeto kwa Febuluwale madzi adasefukira m'dera la Dwangwa, anthu zikwizikwi adathawa m'nyumba zawo, ndipo msewu wa M5 udaduka. M'miyezi yotsatira nyanja idakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo omwe adamangidwa pa mchenga m'zaka zimene madzi adaphwera. Bungwe la National Water Resources Authority lidakumbutsa anthu kuti malamulo salola kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477.

Wogulitsa nyumba m'chigwa cha Bua amayesedwa kwambiri pa nkhani imeneyi. Akagulitsa mu Okutobala, pansi pali gwa, fumbi lili kobo, ndipo palibe chosonyeza kuti mu Malichi bwalo lomwelo mumayenda bwato. Chotsalira ndi kamzere kodera pakhoma, kofika m'mawondo, komwe ndowa imodzi ya laimu imakafafaniza. Ine ndikuti kamzereko kasafafanizidwe mwakabisira. M'envelopu mukhale tsamba lonena zoona: madzi adafika apa chaka chakuti, chimbudzi chidagwa, chitsime chidalowa matope, tidakweza khonde. Mtengo utsikako, inde. Koma wogula ndi munthu amene adzagoneka ana ake m'nyumbamo usiku wa mvula, ndipo ogulitsa ambiri sasamukira kutali. Adzakumana naye pa msika, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, pa maliro a m'mudzi. Nayenso amene nyumba yake ili pa mtunda ndipo madzi a 2024 sadaikhudze alembe zomwezo, ndi mboni za anansi, pakuti umboni umenewo lero ndi ndalama.

Zing'onozing'ono zisaiwalike: nambala ya mita ya ESCOM ndi dzina limene idalembetsedwa, bilu yomaliza ya Central Region Water Board ngati pali mpopi, pulani ya nyumba ngati khonsolo idavomereza, ndi pangano la alendi ngati m'nyumbamo muli anthu.

Zimene ejenti abweretse

Tsopano titembenukire kwa wobwera ndi wogula uja. Dziko lino lakhala ndi lamulo kuyambira 1989 lofuna kuti ogulitsa nyumba ndi malo a anthu ena, pamodzi ndi akatswiri oyeza mtengo wa nyumba, azikhala olembetsedwa. Olembetsedwawo ambiri ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kuno ntchitoyi ili m'manja mwa madobadoba, ndipo sindikufuna kuwanyoza onse. Ena ndi ana a m'mudzi momwemo, amadziwa malire a munda uliwonse ndi mbiri ya banja lililonse kuposa munthu wa tayi wochokera ku Area 3 ku Lilongwe. Chimene chimawononga ntchito yawo ndi mdima umene amagwiriramo.

Tiyerekeze mayi wanena kuti akufuna K8 miliyoni. Dobadoba apita kwa wogula n'kunena K11 miliyoni, ndipo aonetsetsa kuti awiriwo asakumane okha. Yapamwambayo ndi yake, kuwonjezera pa kangachepe kamene adzapemphe mbali zonse ziwiri. Mayiyo adzamva mtengo weniweni patapita miyezi, kwa mkazi wa wogula, pa mjigo. Mankhwala a zimenezi ndi tsamba limodzi lokha, loperekedwa kwa mwininyumba masiku angapo asanagwirizane chilichonse. Palembedwe dzina lonse la ejenti, nambala ya chiphaso chake cha unzika, ndi umboni wa kulembetsedwa kwake ngati ali nawo. Palembedwe ndalama imene adzalandire, kaya ndi gawo la mtengo kaya ndi ndalama yokhazikika, ndi amene adzamulipire. Palembedwe kuti pangano litha liti, kuti mwininyumba asamangike kwa munthu mmodzi chaka chonse. Ndipo palembedwe kuti wogula ndi wogulitsa adzakumana maso ndi maso, mtengo n'kutchulidwa onse akumva. Ejenti wokana kulemba zimenezi wadziulula yekha.

Pa tsamba lomwelo afotokoze mmene wapezera mtengo. Eni nyumba ambiri amawerengera matumba a simenti ndi malata amene adagula, n'kuwonjezapo kugwa kwa kwacha, makamaka chichitikireni cha Novembala 2023 pomwe ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kuwerengera kotero n'komveka, koma wogula salipira zimene mwini adavutika nazo. Amayang'ana kutalika kwa nyumba kuchokera pa tala, magetsi, madzi, mtunda wake, ndi mphamvu ya mapepala. Nyumba ziwiri zofanana, ina ya lizi ina ya kalata ya amfumu, sizingakhale mtengo umodzi, chifukwa ya liziyo banki ikhoza kuilandira ngati chikole. Ejenti wabwino atchule nyumba zingapo za m'deralo zimene zagulitsidwadi posachedwa, osati zimene eni ake akungoitanira. Pa nyumba yaikulu kapena malo a kugombe, kulipira katswiri wolembetsedwa kuti adzayeze mtengo ndi ndalama yobwerera.

Chomaliza pa tsambalo ndi ulendo wa mapepala ndi zolipira zake, kuti wina asadzadzidzimuke. Pa nyumba ya lizi pamafunika chilolezo cha Unduna wa za Malo, kalata ya MRA yotsimikiza kuti za msonkho zili bwino, chikalata chosinthira umwini cholembedwa ndi loya, ndi msonkho wa stamp duty wa 1.5 peresenti ya mtengo, womwe kawirikawiri amalipira ndi wogula. Pa nyumba ya K20 miliyoni imeneyo ndi K300,000. Zambiri mwa izi zimathera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima, ndipo sizitha tsiku limodzi. Agwirizaniretu kuti thiransipoti alipira ndani, ndalama ziperekedwa zigawo zingati, makiyi aperekedwa pa chigawo chiti. Safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ya nyumba wofunsa mochedwa amapeza kuti wasamuka kale, theka la ndalama lisanabwere.

Ndalamazo zidutse ku banki. Mamiliyoni osungidwa m'chikwama pansi pa bedi, mudzi wonse ukudziwa kuti kwa uje lero agulitsa nyumba, amaika moyo wa banja pachiswe, pamene kapepala ka ku banki kamakhala umboni woti palibe angaukane. Mapepala enieni a nyumba asachoke m'manja mwa mwini mpaka ndalama yomaliza italowa. Ejenti ndi wogula apatsidwe mafotokope, ndipo pa fotokope iliyonse palembedwe ndi cholembera kuti yaperekedwa kwa yani, tsiku liti, pa chifukwa chanji, kuti isakagwire ntchito yogulitsira nyumba yomweyo kwa munthu wachiwiri.

Khonsolo ya Nkhotakota ikhoza kupeputsa zonsezi ndi ndalama yochepa. Tsamba limodzi la m'Chichewa, lina la m'Chitonga, lofotokoza mitundu ya malo, mapepala ofunika pa mtundu uliwonse, ndi ofesi yoyenera kupitako, likhoza kuikidwa kwa gulupu aliyense, pa maofesi a mafumu aakulu ndi pa misika ya m'mbali mwa M5, n'kumawerengedwanso pa wailesi ya m'boma lino. Makomiti a za malo akhoza kusunga kope limodzi lolembamo nyumba iliyonse imene yaikidwa pa malonda m'dera lawo, ndi dzina la amene banja lamutuma kugulitsa, kuti wogula asanapereke ngakhale tambala ayambe wakaona m'kopemo.